Malamulo a kusukulu ya MBA monga ndinawaonera ndili woimira ophunzira

Munthu akalandira kalata yoti watengedwa kukachita MBA, digiri ya masters ya za bizinesi, nkhawa yake imathamangira ku masamu, ku akawunti, ku milu ya zowerenga. Sindinakumanepo ndi amene ankada nkhawa ndi kalendala ya sukulu. Komatu anzanga atandisankha kuti ndiziwaimira m'komiti yoona za maphunziro, madandaulo omwe ankandipeza sanali a kuvuta kwa phunziro ayi. Anali a anthu anzeru zawo, ena mabwana akuluakulu kuntchito kwawo, omwe anakodwa ndi tsiku lotsekera, fomu yopanda siginecha, kapena mzere umodzi wa mu silabasi womwe anaudumpha. Sukulu yathu inkatsata dongosolo la ku America la ma credit (muyezo wa kukula kwa kosi) ndi GPA (avereji ya magiredi), ndiye zambiri zomwe ndinene zichokera kumeneko, koma misampha yake imafanana ndi ya m'masukulu ena ophunzitsa za bizinesi.

Chofunika kudziwa msanga n'chakuti mphamvu pasukulu yotere zinagawidwa, ndipo pulofesa alibe zonse. Iye ndi mwini kalasi: amasankha zowerenga, amakonza mayeso, amapereka malikisi. Koma kulowa kapena kutuluka m'kosi, kusintha giredi yomwe yalembedwa kale, kupuma sukulu kwa kanthawi, zonsezi n'za ofesi ya registrar, yosunga kaundula wa ophunzira, ndi ofesi yoyendetsa pulogalamu ya MBA. Za fizi zili ndi ofesi yake, za viza nazo zili ndi yake. Maofesiwa sauzana nkhani zanu pokhapokha inuyo mutawauza. Ambiri omwe ndinawaona akugwira m'mutu anali atamvana bwinobwino ndi munthu, koma munthu wopanda mphamvu pa nkhani yawoyo.

Mnzanga wina ankafuna kulowa kosi ya zachuma yomwe inali itadzaza. Kalasi itatha anawatsatira apulofesa n'kuwapempha, iwo n'kungoti, "Palibe vuto, muzibwera." Anayambadi kumalowa, kulemba ntchito zonse, kuyankha mafunso, mpaka kulemba mayeso a pakati pa semesita. Zotsatira zitatuluka dzina lake panalibe, chifukwa m'kaundula wa kosiyo sanalembedwemo. Ndinamuperekeza ku ofesi ya registrar. Mayi omwe tinawapeza anamumvetsera mpaka kumapeto osamudula mawu, kenako anatembenuza kompyuta yawo kuti tonse tione, n'kuloza tsiku lomwe linali litadutsa kalekale.

"Bambo, sindikukana kuti apulofesa anakuuzani zimenezo," anatero. "Koma iwo anakulolani kukhala pampando. Kulembedwa m'kosi kumachitikira kuno, pa fomu, nthawi yowonjezera makosi isanathe. Chomwe ndingachite lero n'kukupatsani fomu yopempha komiti kuti ikuganizireni. Musandifunse kuti akayankha bwanji."

Komiti inadzamulola chifukwa apulofesa aja analemba kalata yovomereza kuti anamuuzadi choncho. Koma anakhala masabata angapo mtima uli m'mwamba, ndipo akanakhala apulofesa oiwalaiwala, ntchito ya semesita yonse ikanalowa m'madzi. Kuyambira pamenepo ndinkauza aliyense kuti lonjezo la pakamwa azilisandutsa imelo tsiku lomwelo: "Zikomo chifukwa chondilola chakutichakuti, chonde tsimikizani ngati ndamva bwino," n'kutumizanso imeloyo ku ofesi yomwe ili ndi mphamvu pa nkhaniyo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Malamulo enieniwo amakhala m'malo atatu: m'buku la malamulo a ophunzira, pa kalendala ya chaka, ndi mu silabasi ya kosi iliyonse. Buku la malamulo limasintha chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri zofunika kuti mumalize digiri zimatsata buku la chaka chomwe munalowa sukulu. Choncho lisungeni pa kompyuta yanu tsiku loyamba, chifukwa la pa intaneti adzalichotsa n'kuikapo latsopano. Silabasi nayo isungeni monga inalili sabata yoyamba. Pakabuka mkangano wa malikisi, komiti siifunsa zomwe mukukumbukira, imafunsa zomwe zinalembedwa.

Nkhani ya ma credit ambiri amaiona ngati masamu a ofesi chabe, pomwe ndi muyezo wa tulo tanu. M'dongosolo la ku America, credit imodzi imaimira pafupifupi ola limodzi m'kalasi ndi maola awiri owerenga panokha sabata iliyonse, kwa masabata ngati 15. Ndiye kuti kosi ya ma credit 3 imadya maola 9 pa sabata, ndipo makosi asanu otere ndi maola 45. Ku Ulaya, komwe amagwiritsa ntchito ECTS, chaka chathunthu ndi ma credit 60, iliyonse ikuimira maola 25 mpaka 30. Ku Britain digiri ya masters kawirikawiri imakhala ya ma credit 180. Amene mukuphunzira uku muli pantchito, werengerani maolawa musanasankhe makosi. Ndinaona anthu akutenga makosi anayi pamwamba pa ntchito ya tsiku lonse pofuna kumaliza msanga, n'kudzamaliza mochedwa kuposa omwe ankatenga awiriawiri.

Makosi okakamiza a chaka choyamba, monga akawunti, zachuma, ziwerengero ndi za malonda, ena amatha kukukhululukirani ngati munawaphunzira kale, poona satifiketi yanu kapena pokulembetsani mayeso apadera sukulu isanatsegulidwe. Funsani chinthu chimodzi: kodi akakukhululukirani, ma credit amachepa, kapena muyenera kutenga kosi ina m'malo mwake? M'masukulu ambiri amakuchotserani kosiyo koma chiwerengero cha ma credit chimakhala chomwecho. Ine maganizo anga ndi akuti ngati phunzirolo munalisiya zaka zambiri zapitazo, ingolowani, chifukwa makosi a chaka chachiwiri amamangidwa pamwamba pake.

Pa makosi osankha nokha m'pamene pamakhala mpikisano. Makosi otchuka amakhala ndi malo ochepa, ndiye masukulu ena, monga Kellogg ndi Chicago Booth, amapatsa wophunzira aliyense mapointi oti azipikisana nawo: woika mapointi ambiri pa kosi ndi amene amapeza malo. Sukulu ya Wharton inali ndi dongosolo longa lomweli koma mu 2013 inasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito lina lotchedwa Course Match, momwe wophunzira amangosonyeza kuti kosi iliyonse akuifuna motani, kompyuta n'kugawa malo. Kwathu tinali a mapointi, ndipo usiku wotsekera unali wa phokoso m'magulu a pafoni, aliyense akuyesa kufufuza zomwe mnzake waika uku akubisa zake. Mtsikana wina wa m'gulu lathu sankalowa nawo m'phokosomo. Ankatenga ndandanda ya mapointi omwe makosi anapambanira zaka zapitazo, yomwe ofesi inkaika poyera koma ambiri osaiyang'ana, n'kulemba pambali pa kosi iliyonse dzina la mphunzitsi ndi nthawi ya kalasi. Anazindikira kuti kosi imodzimodziyo, mphunzitsi yemweyo, imatchipa kwambiri ikakhala ya m'mamawa kapena ya Lachisanu. Iye ankadzuka m'mamawa n'kumaphunzira zomwe ena anatayira mapointi awo onse, ake n'kusungira kosi imodzi yomwe ankaifunitsitsa chaka chomaliza.

Musanaike mapointi onetsetsani zinthu ziwiri: ngati munamaliza kosi yomwe imafunika kaye musanalowe imeneyo, komanso ngati nthawi yake, ngakhale ya mayeso omaliza, siikuwombana ndi ya kosi ina. Mukakhala pa mndandanda wa odikira malo, musasiye kosi yomwe muli nayo kale mpaka dzina lanu litaoneka m'kaundula wa yatsopanoyo.

Tsopano nkhani yomwe inkabweretsa misozi yambiri: kusiya kosi. Masiku oyambirira a semesita mukhoza kulowa ndi kutuluka m'makosi popanda chilichonse kulembedwa pa transcript yanu, chikalata chosonyeza makosi ndi magiredi anu. Nthawi imeneyi ndi yaifupi, ndipo pa makosi a theka la semesita imafupikiranso, mwina masiku owerengeka chabe. Ikadutsa, mukhozabe kusiya, koma pa transcript pamalembedwa W, kusonyeza kuti munayamba n'kusiyira panjira. W siilowa m'masamu a GPA, ndipo W imodzi siwononga mbiri ya munthu. Patsogolo pake pamakhala tsiku lina lachiwiri, lomwe likadutsa simungasiyenso. Mukangosowa m'kalasi, giredi yake ndi F, ndipo imeneyo imalowa mu GPA ngati ziro. Kungosiya kupita m'kalasi si kusiya kosi. Ndikubwereza chifukwa chaka chilichonse pankapezeka munthu woganiza kuti poti apulofesa sakumuonanso, ndiye kuti zatha.

Kalendala yobwezera fizi ndi ina, yosiyana ndi ya W. Mukhoza kukhala kuti nthawi yosiya kosi mudakali nayo, koma ndalama zobwerera zatsika kale kufika theka, kapena palibenso. Ndipo kusiya kosi kumakhudza zinthu zomwe ofesi ya registrar siikufunsani. Sikolashipu zambiri zimafuna kuti mukhale ndi ma credit osachepera chiwerengero chakutichakuti semesita iliyonse. Viza ya wophunzira ndiye yoopsa kwambiri. Ku America, wa viza ya F-1 amayenera kukhala wophunzira wa nthawi zonse, ndipo akafuna kuchepetsa makosi kufika pansi pa mlingowo ayenera kulandira chilolezo ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja asanasiye, osati atasiya. Kompyuta yolembetsera makosi imakulolani kudina batani losiya popanda kukuchenjezani za viza. Ophunzira ochokera kunja ndinkawauza kuti chala chawo chisafike pa batanilo asanapite ku ofesi imeneyo.

Pali giredi ina yomwe anthu ambiri saidziwa mpaka tsiku lomwe akuifuna, ya Incomplete, yolembedwa I. Ndi ya munthu yemwe wachita gawo lalikulu la kosi, akukhoza bwino, koma chakumapeto wagwidwa ndi vuto lalikulu monga matenda kapena maliro. M'malo molephera, amapatsidwa nthawi yowonjezera yomalizira zotsalazo. Si ya munthu amene wangotsalira chifukwa cha kuchuluka kwa zochita, ndipo siibwera yokha. Mumachita kupempha, mayeso kapena tsiku lopereka ntchito lisanafike.

Mayi wina wa m'kalasi mwathu mwana wake anagonekedwa m'chipatala kutatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Anandiimbira usiku ali pakhonde la wodi, akunena kuti basi angosiya sukulu. Ndinamupempha kuti asapange chiganizo chachikulu usiku umenewo, tingolemba imelo imodzi. Tinalemba yaifupi kwambiri, kwa mlangizi wa pulogalamu ndi kwa aphunzitsi onse a makosi ake. Inali ndi zinthu zinayi zokha: kuti mwana wake wagonekedwa ndipo iye ndi amene akumudwazika, kuti m'kosi iliyonse watsala ndi chakuti ndi chakuti, kuti akupempha Incomplete motsata ndime yakuti ya m'buku la malamulo, ndiponso kuti kalata ya kuchipatala aitumiza akangoilandira. Sitinafotokoze matenda a mwanayo, chifukwa aphunzitsi safunika kudziwa zimenezo. Kalata ya dokotala imapita ku ofesi, osati kwa pulofesa aliyense. Pofika masana a tsiku lotsatira onse anali atavomera. Munthu wina yemwe anali ndi vuto lofanana, koma anadzalankhula mayeso atadutsa, anayenda njira yaitali ya makomiti kuti apeze zomwe mayiyu anapeza ndi imelo imodzi. Malamulo ake anali omwewo, anthu a mu ofesi omwewo. Chinasiyana ndi tsiku lomwe pempho linafika.

Koma Incomplete ili ndi mchira. Imakhala ndi tsiku lake lomalizira, ndipo m'masukulu ambiri likadutsa imasanduka F yokha, popanda wokukumbutsani. Komanso ntchito yotsalayo mumaichita pamwamba pa makosi a semesita yatsopano. Mukaitenga, lembani ndi apulofesa mgwirizano wa zomwe zatsala ndi tsiku lake, ndipo mukapereka ntchitoyo tsatirani mpaka muone ndi maso anu kuti I yachoka pa transcript. Aphunzitsi nawo amaiwala kutumiza fomu yosinthira giredi, makamaka omwe amangobwera kudzaphunzitsa semesita imodzi.

Za magiredi, chodabwitsa ambiri n'chakuti m'masukulu ambiri a bizinesi simupikisana ndi mayeso okha, mumapikisananso ndi anzanu. Aphunzitsi amauzidwiratu kuti A asapitirire gawo lakuti la kalasi, kapena kuti avereji ya kalasi ikhale pakutipakuti. Ku Harvard Business School, yomwe inakhazikitsidwa mu 1908, ophunzira amaikidwa m'magulu atatu, ndipo pafupifupi 10 pa 100 aliwonse m'kalasi amagwera m'gulu lotsika ngakhale kalasi yonse itakhala ya akatswiri. Choncho kupeza 85 pa mayeso sikutanthauza kanthu musanadziwe kuti ena apeza zingati.

Muyezo wina wofunika kuusunga pamtima ndi GPA ya 3.0, yomwe masukulu ambiri a ku America amafuna kuti mukhale nayo pomaliza. Pa sikelo ya 4.0, A ndi 4.0, B ndi 3.0, C ndi 2.0, ndipo B- ndi 2.7. Onani bwino pamenepa: munthu akhoza kukhoza makosi onse, osalephera ngakhale imodzi, koma ngati magiredi ake onse ndi B-, ali pansi pa mzere. C imodzi imafuna A wathunthu pa kosi ya ma credit ofanana kuti ibwezeretsedwe. Mukatsika pansi pa 3.0 mumalandira kalata ya chenjezo, n'kupatsidwa nthawi, kawirikawiri semesita imodzi kapena ziwiri, kuti mukwere, apo ayi mumachotsedwa. Kalata imeneyi ikabwera anthu amachita manyazi n'kubisala, pomwe nthawi imeneyo m'pamene mlangizi angakuthandizeni kuchepetsa makosi, kukupezerani wokuphunzitsani mwapadera, kapena kukuuzani ngati kubwereza kosi kumafafaniza giredi yakale kapena amangophatikiza zonse ziwiri. Ku Britain muyezo ndi wina: pa masters, 50 ndiye kukhoza, 60 ndi merit, 70 ndi distinction, ndiye wozolowera ma 80 ndi ma 90 asadzione wolephera akalandira 64. Masukulu ena, monga Wharton ndi Chicago Booth, ali ndi pangano la ophunzira loti asaulule magiredi kwa makampani odzalemba anthu ntchito. Panganoli limachepetsa mpikisano, koma silichotsa lamulo la sukulu la mlingo wokhozera.

Kulankhula m'kalasi nako ndi malikisi. Masukulu a bizinesi amakonda kuphunzitsa pokambirana nkhani zenizeni za makampani, njira yomwe Harvard inaitchukitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo kumeneko zolankhula m'kalasi zimatha kukwana theka la giredi yonse. Pulofesa akhoza kukutchulani mwadzidzidzi kuti mutsegule zokambirana. Kwa ife omwe tinakula tikudziwa kuti wophunzira wabwino amakhala chete n'kumalemba, zimenezi zimavuta. Chomwe chinkandithandiza ine chinali kulowa m'kalasi ndili ndi mfundo imodzi yokhala ndi nambala yochokera m'nkhani ya tsikulo, n'kudikira pomwe ikukwana. Aphunzitsi abwino sawerenga kuti mwalankhula kangati. Amaona ngati mwasunthira zokambirana patsogolo. Pakati pa semesita pitani mukafunse kuti pa gawo limeneli muli pati, chifukwa ndi gawo lokhalo lomwe mulibe pepala loti mudzalozepo. Ndipo kujomba kumawerengedwa. Makosi ena amachotsa malikisi mukapitirira masiku ololedwa, ngakhale mutajomba chifukwa chopita kukayesedwa ntchito. Silabasi ndi imene imanena, ndipo aphunzitsi awiri a sukulu imodzi akhoza kusiyana kotheratu.

Milandu ya kubera ndinaiona pang'ono, ndipo tsatanetsatane wake ndi wachinsinsi, koma mtundu wake ndingathe kuunena. Obera mwadala, olowa ndi zolemba m'mayeso, anali ochepa. Yambiri inkachokera pa ntchito za m'magulu ndi malire osamveka bwino. Pa MBA mumazolowera kuchitira zonse limodzi ndi gulu lanu, ndiye ikabwera ntchito yomwe silabasi yati ndi ya aliyense payekha, wina amatumiza fayilo yake ya Excel kwa mnzake kuti "angoona m'mene anayambira," kenako mafayilo awiri amafika kwa apulofesa ali ndi cholakwika chimodzimodzi pa mzere umodzimodzi. Pamenepo wopereka ndi wolandira onse amaitanidwa. Ena amatenga mayankho kwa a chaka chachiwiri, poti nkhani za makampani zomwe zimaphunzitsidwa zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Ena amapereka ntchito yawo yomwe ya kosi ina osapempha, osadziwa kuti nawonso ndi mlandu. Mapulogalamu onga Turnitin amasunga ntchito zakale ndipo amazigwira mosavuta.

Pa ntchito ya gulu, dzina lanu likakhala pachikuto ndiye kuti mwavomera zonse zili m'katimo. Ngati mmodzi wakopera ndime pa intaneti, nonse mukafotokoza. Werengani ntchito yonse isanatumizidwe, ngakhale ikhale pakati pa usiku, ndipo sungani umboni wa amene analemba gawo liti. Membala waulesi musamusunge mpaka kumapeto n'kudzamulanga pa fomu yomwe a m'gulu amapatsiranapo malikisi. Lankhulani naye msanga, zikakanika dziwitsani apulofesa ntchito idakalipo.

Kuyambira pomwe ChatGPT, pulogalamu yotha kulembera munthu mayankho, inatuluka mu Novembala 2022, malamulo a zida zotere akhala akusiyana kosi ndi kosi. Mphunzitsi wina amalola bola munene m'mene mwagwiritsira ntchito, wina amaletseratu, wina amalola pa ntchito zina zokha. Silabasi ikakhala chete, kukhala chete kumeneko musakutenge ngati chilolezo. Funsani pa imelo musanayambe ntchito. Ndipo mukaitanidwa pa mlandu uliwonse wotere, musayankhe muli wokwiya kapena wamantha. Werengani ndondomeko yake m'buku la malamulo, onani ngati mukuloledwa kupita ndi wokulangizani, sonkhanitsani mafayilo anu akale osonyeza m'mene ntchito inakulira, ndipo nenani zoona. Bodza lonenedwa pamaso pa komiti limalemera kuposa mlandu womwe unakufikitsani pamenepo.

Apilo ya giredi ilipo, koma chitseko chake n'chopapatiza. Zomwe komiti imamva ndi izi: malikisi anaphatikizidwa molakwika, mphunzitsi sanatsate zomwe analemba mu silabasi, kapena anakuyesani ndi muyezo wosiyana ndi wa anzanu. Zoti "ndinalimbikira kwambiri" kapena "yankho langa linali labwino kuposa m'mene anaonera" sizipita patali, chifukwa komiti siilowerera pa chiweruzo cha mphunzitsi pa phunziro lake. Mumayambira kwa apulofesa eni ake, kenako kwa mkulu wa dipatimenti kapena wa pulogalamu, komiti n'kumalizira. Mukadumpha sitepe amakubwezani, masiku akupita, ndipo nthawi ya apilo ndi yochepa. Dziwaninso kuti aphunzitsi ambiri mukawapempha kuonanso funso limodzi amachonganso pepala lonse, ndipo malikisi akhoza kutsika. Ndinkafunsa wodandaula aliyense kuti andionetse mzere wa mu silabasi womwe waphwanyidwa. Amene anali nawo, kawirikawiri nkhani yake inkathera kwa apulofesa, osafika n'komwe ku komiti.

Zina ndingozitchula mwachidule. Mukafuna kupuma sukulu, pemphani tchuthi chovomerezeka. Mukangosowa, mukhoza kufufutidwa m'kaundula n'kuyambiranso kupempha malo, ndipo digiri imakhala ndi malire a zaka zomwe muyenera kukhala mutamaliza. Mukafuna kukaphunzira semesita kusukulu ina, kapena kubweretsa ma credit a kwina, tengani chivomerezo cholembedwa cha kosi iliyonse musanapite. Apa m'pamene mabungwe otsimikizira masukulu a bizinesi amalowera: AACSB, yomwe inayamba mu 1916, AMBA ya 1967, ndi EQUIS ya 1997. Masukulu ambiri amalandira ma credit ochokera kusukulu zovomerezedwa ndi mabungwe otere zokha, komanso amaika malire a kuchuluka kwake. Ngati fizi akukulipirirani ndi abwana anu kapena bungwe, dziwani kuti ku America lamulo la FERPA la 1974 limateteza zolembedwa za wophunzira, moti sukulu siingangotumiza magiredi anu kwa wokulipiriraniyo inu musanasaine chilolezo. Ndiye ngati ndalama za semesita yotsatira zimadikira magiredi, sainani msanga. Ngongole yaing'ono, ngakhale ya buku la ku laibulale, imatha kutseka akaunti yanu yolembetsera makosi, ndipo zimenezi mumazidziwa m'mawa wa tsiku lolembetsa pomwe anzanu akutenga malo.

Kumaliza nako sikuchitika kokha. Semesita yomaliza isanayambe khalani pansi ndi mlangizi muwerenge ma credit mogwirizana ndi buku la chaka chomwe munalowa: okakamiza onse alipo, osankha akwana, a nthambi yomwe mukufuna kuti ilembedwe pa digiri akwana, ndipo makosi omwe munatenga mongoti kukhoza kapena kulephera, opanda giredi, sanapitirire malire. Kosi yomwe munangolowa kukamvetsera siiwerengedwa. Mukapeza kuti mwaperewera credit imodzi semesita isanayambe, mumangowonjezera kakosi kakang'ono. Mukaipeza mwezi womaliza, ndi semesita ina ndi fizi ina. Kenako pali fomu yopempha kumaliza maphunziro, yomwe tsiku lake limafika miyezi ingapo mwambo usanachitike. Pa fomu imeneyo onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa ndendende monga lilili m'pasipoti, mayina onse m'ndondomeko yake, chifukwa satifiketi imasindikizidwa kuchokera pamenepo ndipo kuikonza pambuyo pake kumatenga nthawi ndi ndalama.